Nyalugwe wa Pachikuto

Twaibu wabwera nalo m'jumbo,
buku la masewera athu, kusindikiza kwachiwiri,
likununkhabe inki ya pa shopu ya fotokope
yoyang'anana ndi njanji ija.
Akuti tisambe kaye m'manja.
Ife! Amene tinadyera chiwaya pa kope loyamba
mpaka tsamba la mizukwa linamwa mafuta.

Dzina lasintha.
Kale unali Ulendo wa Anthu Asanu Osadziwa Njira,
dzina lalitali ngati mzere wa pa banki kumapeto kwa mwezi.
Osadziwa aja wawachotsa,
yatsala NJIRA yokha, zilembo zofiira,
pansi pake nyalugwe wotong'ola maso.
Ndamufunsa, nyalugweyu ali pa tsamba liti?
Akuti mulibemo,
koma amaoneka bwino pa tisheti,
ndipo a ku Lilongwe sangagule buku
la wogulitsa mchere pachikuto.

Wogulitsa mchereyo ndinali ine.
Gwedeza, wa mwendo wotsimphina,
mphamvu zitatu, nzeru zisanu ndi ziwiri, ngongole zosawerengeka.
Miyezi khumi ndinamuyendetsa pa tebulo lopendekekali,
kuseri kwa shopu yotchajira mafoni,
magetsi akathima tikuunikira ndi tochi ya Ajibu.

Kope lakale linali ndi masamu, eeh.
Kulemera kwa katundu. Masiku amene nsapato ingapirire.
Tsamba lonse la ludzu,
lolembedwa ndi munthu wodziwa Salima mu Okutobala,
pamene phula limafewa
ndipo a kabaza amabisala pansi pa mtengo wa nimu.
Zonsezo wadula.
Tsamba loyamba likuti: nkhani patsogolo, manambala pambuyo,
ndipo palibe amene afe
mwini wake asanavomere.

Gwedeza sanandifunse.
Pa mlatho wa zingwe ndinaponya madayisi,
ili kadontho kamodzi, ilo kadontho kamodzi,
basi, mtsinje unamutenga ndi mchere wake womwe.
Tinakhala duu.
Ajibu anazimitsa tochi, akuti kusunga batire,
koma tonse tinamva akufwenthera.
Ndinapita kwathu ku Kaphatenga wapansi usiku umenewo
ndikutukwana timiyala tiwiri ta pulasitiki.
Tsono undiuze, Twaibu,
imeneyo sinali nkhani?

Taseweratu lero, poti walira mvula walira matope.
Ine manja m'khwapa, kudikira kuti zivute.
Ndiye Ndaziona,
amene chaka chonse ankangoti “ndikutsatira anzanga”
uku akubisa pepala lake la manambala pansi pa chigongono,
wafunsidwa: munthu wako akuopa chiyani?
Wayamba kuyankhula.
Za mzamba wothawa kwawo atanyamula lumo lokha,
amene salowa m'mudzi asanawerenge manda a ana.
Mphindi makumi awiri, dayisi osakhudzidwa,
fanta wanga watentha m'manja,
mwini shopu wasiya kuwerenga ndalama,
waima pakhomo, chingwe cha foni chili lende.
Sindinadziwe kuti mawu onsewa anali nawo.
Kapena ndinene kuti sindinamufunsepo.

Sindikuti wapambana, Twaibu.
Nyalugwe wako ndi wabodza,
ndipo ludzu ulibweze, ngakhale theka la tsamba.
Tisheti ndigula mwezi ukatha, yaikulu,
poti ndiwe mnzanga ndipo inki siyaulere.

Koma kope lakale ndalitenga.
Unalipinda n'kuchirikizira mwendo wa tebulo,
ndalisolola, ndaikapo chibenthu cha njerwa.
Pa tsamba la makumi atatu
pali dzina la Gwedeza lokhwatchidwa ndi bolopeni yako,
pambali pake chala changa cha mafuta.

Lachisanu ndibwera ndi munthu watsopano,
mwana wa malemuyo, wofunafuna pamene bambo ake anamira.
Ukandifunsa chimene akuopa ndikuuza.
Koma tikafika pa mlatho uja
usandifunse ngati ndavomera.
Undipatse madayisi.