Pamene Anawotchera Njerwa

Liwombo langa sindinaliwonepo ndi maso anga.
Anandiuza ndi Tionge, mwana wanga,
akundimasula meshi pakhonde pa Kamwendo:
"Amayi, apa pakunyezimira."
Kukula kwake ngati chitsekero cha botolo.
Ndinati ndi chipeso, ndinati ndi thukuta la Okutobala,
ndipo ndinalukitsanso pamwamba pake, molimba kuposa kale.

Ine woluka tsitsi,
zaka khumi ndi zisanu mitu ya Mchinji
ikudutsa pakati pa mawondo anga:
akwatibwi, aphunzitsi, amayi ogula mtedza ochokera ku Chipata.
Ndinkati, "Pirira mwanawe, kutchena n'kowawa,"
ndikukoka mpaka nsidze zitakwera m'mwamba.

Usiku pankayabwa ngati ndagonera chitedze,
pilo pokha pankandipweteka.
Ndinadzola mafuta a nsatsi. Ndinadzola madzi a anyezi
mpaka bambo a Tionge kutembenukira kukhoma.
Apongozi anati ndi Faliya wa saluni ya patsidya pa msewu,
anatola tsitsi langa kudzala.
Miyezi inayi sindinamupatse moni Faliya
pa mlandu umene sankaudziwa.

Kuchipatala cha paboma anandilembera kalata ya ku Lilongwe.
Dokotala wa khungu, mayi wamfupi wozizira zala,
anayang'ana nthawi yaitali ndi kagalasi kake.
"Mukudziwa pamene anawotchera uvuni wa njerwa?
Mvula igwe bwanji, udzu subwerera.
Apa timabowo ta mizu tinatsekeka, ndi chipsera.
Kudzala sitingadzale.
Koma titha kulambula m'mbali, moto usadumphe."
Ndinafunsa ngati ndinadzichita ndekha.
Anati, "Nthendayi imagwiranso amene sanalukitsepo.
Kukoka kumangoikolezera."

Ndinalira m'minibasi kuyambira pa Msundwe,
pa Namitete ndinagula chimanga chowotcha,
n'kumalirabe ndikukukuta.

Tsopano m'mawa ndi mbulu umodzi wa mankhwala,
madzulo kirimu kunsonga ya chala,
kuzungulira m'malire monga woyendera munda wa mkangano.
Jakisoni wa pamutu musandifunse.
Mankhwala ofewetsa tsitsi ndinaponya m'chimbudzi,
chipeso chamoto chikuchita dzimbiri pawindo.
Duku ndimamanga momasuka,
chifukwa dzuwa la kuno silimvera chisoni khungu lopanda mthunzi.
Wigi ndi ya Lamulungu lokha,
ndipo ulaliki ukatalika ndimayamba kudana nayo.

Mwezi ukayamba ndimawerama,
Tionge amaika chivindikiro cha Vaselini pambali pa chipsera
n'kujambula ndi foni.
Juni, chimodzimodzi. Julaye, chimodzimodzi.
Ogasiti tinakangana, iye akuti chakula, ine ayi,
kunali kupendekeka kwa dzanja.
Sindinkadziwa kuti munthu angalulutire
chifukwa palibe chimene chachitika.

Makasitomala ena anandithawa,
akuti maluko a Lezina masiku ano sachedwa kumasuka.
Zoona.
Dzulo kunabwera mtsikana wa fomu folo,
akufuna timizere tating'ono, tolimba, tokhala mpaka mayeso.
Ndikupesa ndinaona akutsinzina ndikafika pakati.
"Pamawawa?" "Pang'ono, ndinazolowera."
Ndinaika chipeso pansi,
ndinamasula duku, ndinamuweramira.
Anakhala chete. Kenako anafunsa
kuti kuchipatalako amalowera khomo liti.

Lotsalali ndimameta lalifupi, Loweruka lililonse lachiwiri.
Ndimawoloka msewu pakati pa akabaza,
n'kukakhala pampando wa Faliya.
Sindinamuuzebe za miyezi inayi ija.
Makina ake akafika m'mphepete mwa chipsera amazimitsa,
amatenga sizasi,
chikhatho chake n'kukhala pamalo osalalawo
monga mmene umagwirira mwana wa mnzako
kuti asagwe pa benchi.