Ulusi Wotsala

Chiperoni chagwira phiri masiku atatu.
Zochapa zikulirabe pachingwe,
ndipo ine ndakhala pakhonde kuno ku Chitakale
ndi makina a mkono obwereka kwa a Nasiyaya.
Akuti ndibweze Loweruka, ndi mafuta ake.
Mimba imafika patebulo ine ndisanafike,
ndiye ndimasoka chotalikira,
ngati wokazinga nsomba woopa mafuta.

Shati ya bambo a Mwandida, yobiriwira ija,
inadyedwa pamsana ndi dengu la tiyi.
Ndaidula mikono.
Mkono uliwonse wasanduka mwendo wa kabuluku,
ndipo sopo walephera kuchotsa fungo la tsamba.
Zisiyeni. Uyambe wawanunkhiza abambo ako
usanawaone nkhope.

A Nasiyaya amandiyang'ana cham'mbali.
"Mwana sasokeredwa asanalire.
Nanga ukumuyeza ndi chiyani?"
Ndimamuyeza ndi kachidendene
kamene kamayenda pansi pa nthiti zanga usiku,
ndi zala zitatu, ndi mantha.
Sindiwayankha. Iwo analipo chaka chija
pamene wina anabwera mwezi wachisanu ndi chiwiri
n'kubwerera pakhomo.
Tinamukulunga m'nsalu yong'amba ndi mano,
yopanda mpendero.
Chichokereni, chilichonse ndimapinda kawiri,
ngakhale thewera.

Mwandida akutola zidutswa pansi pa tebulo.
Waveka chitsononkho diresi ya mizere,
wachibereka kumbuyo, akuchiopseza kuti chitonthole.
Batani lofiira lasowa m'kachitini
ndipo tsaya lake lakumanzere latupa mokayikitsa.
"Lavula."
Walavula, n'kufunsa:
"Akabwera adzagona pati? Pamphasa panga ayi."
Kenaka wagunditsa khutu pamchombo wanga
ndi kunena kuti m'katimo mukugwa mvula.

Madzulo bambo ake alowa ali chonyowa,
makilo achepa lero, kapitawo wadulanso,
koma m'jumbo muli chinanazi
chimene ndinalirira pakati pa usiku dzana.
Ndikudziwa chilungulira chidzandigoneka chokhala.
Ndadya chonse, ndi mtima wake womwe.
Atola kachipewa ndasoka ndi mpendero wa siketi,
akaveka pa chibakera, akazunguza.
"Mutu wa munthu ungalowe umu?"
"Pempherani ulowe," ndatero,
"wotulutsa ndine."
Aseka mpaka kutsokomola,
kenaka akhala chete, kachipewa kali m'manja,
manja akuda ndi utomoni wa tiyi,
akukagwira ngati dzira.

Kusikelo anamwino anatiwerengera zofunika:
beseni, zitenje, lezala latsopano,
pepala lakuda lapulasitiki, kandulo ngati magetsi athawa,
ndi ulusi.
Beseni ndinagula ku Limbuli mwezi watha,
lili pansi pa bedi, Mwandida amaliyesa galimoto.
Wakabaza, Fulaye, walonjeza kusazimitsa foni.
Zitenje zakwana zinayi. Chachisanu ndavala.

Usiku uno singano yathyoka pamsoko wokhuthala,
ndapitiriza ndi ya pamanja, pafupi ndi nyali,
msana ukuyaka, mapazi ngati mikate.
Kamalaya katsala khosi lokha
koma ulusi woyera wayamba kuonetsa mtengo wake.
Ndaima.
Ndayeza kuchokera kuchala kufika pachigongono,
ndadula ndi mano,
ndakulunga m'pepala la kope ya Mwandida
ndi kuika m'beseni, pambali pa lezala.

Khosi lidikire Loweruka, kapena mwezi wamawa.
Ulusi uwu si wa nsalu.
Mfundo yake adzamanga ndi ena,
ine ndili chigonere, osaona bwino,
ndikufunsa ngati walira.

Kunja chiperoni chikusefabe ufa wake pamalata.
Iwe wagunda kawiri.
Ndamva. Gona.