Lachitatu, Pamwamba pa Bekale

Masitepe alipo khumi ndi asanu ndi anayi.
Ndimawawerenga kuti mawu aja asowe polowera.
Pansi, Nibaldo akuphula buledi wamadzulo,
fungo lake limakwera nafe.
Pawindo doko la Valparaíso likuoneka lonse,
makontena ataunjikana ngati timabokosi ta machesi.
Zaka khumi ndi ziwiri ndinkawanyamula ndi kireni
mpaka tsiku limene wailesi inanditchula dzina
ili yozimitsa.

Wogwira choko ndi Fresia.
Alibe jasi loyera, alibe satifiketi pakhoma.
Zala zake zimanjenjemera ngati zanga.
Tsiku langa loyamba analemba dzinalo pabolodi,
si-ki-zo-fe-re-ni-ya,
n'kuliduladula ngati nsomba ya pamsika:
mutu uku, minga uku,
zotsalazi munthu angathe kumeza.
Adokotala anandiuza dzina lomweli akuyang'ana wotchi.
Fresia anandiuza akundiyang'ana m'maso,
kenako anandifunsa ngati ndimathira shuga.

Lero phunziro ndi la tulo.
"Ine zikamayamba," akutero Eliseo,
"ndimakhala masiku atatu osaphethira,
kenako agalu onse a mumsewu amakhala akudziwa za ine."
Zii.
Mwini wake akuyamba kuseka,
nafenso mapewa akutsika.
Tonse muno tinakwata kwa mphezi,
kung'anima timangokuwerenga.

Baltasar watulutsa kabokosi ka zipinda zisanu ndi ziwiri,
Lolemba mpaka Lamulungu.
Akuti muzikaika pafupi ndi mswachi.
M'kamwa mukauma tafunani chingamu.
Thupi likalemera kwerani phiri ndi miyendo,
chikepe musiyire alendo ojambula zithunzi.
Jakisoni wa pamwezi pemphani Lachisanu,
kuti ulesi wake uthere pa Loweruka.
Zimenezi pa kapepala ka mankhwala palibe.
Anazitola yekha, chimodzichimodzi,
zaka makumi awiri.

Mayi anga amauza anansi ku Playa Ancha
kuti ndimadwala mtima.
Ndinasiya kuwatsutsa.

Mpando wa Ximena, sabata yachitatu tsopano, ulibe munthu.
Anasiya mapiritsi atapeza chibwenzi,
akuti ankafuna kumva chikondi chonse, chosasefa.
Ali ku wodi, kumtunda uko.
Palibe wauchotsa mpandowo.
Fresia amauthirira tiyi mpaka azizire,
ife tikusainira khadi.
Eliseo wajambulapo galu
n'kulemba pansi pake: uyu sakudziwa kalikonse.

Nthawi yatha. Tikupinda mipando,
Baltasar akusesa nyenyeswa.
Fresia akundigwira mkono,
n'kundiika choko m'dzanja, kachidutswa chabe.
"Sabata yamawa ndi iwe, Amaro."
Ndikuti, ine ndikudziwa chiyani?
Sitandade ndinalekera panjira, mabuku amandigonetsa.
Akuti, "Ukudziwa kunyamula cholemera
osachigwetsera pa anthu.
Tiuze mmene umachitira mphepo ikamawomba."

Pomwepo mawu aja, a bambo wa kukhosi kosasa,
amene amakhala kuseri kwa khutu lamanzere:
adzakuseka, adzakuseka onse.
Kale ndikanathawa mpaka kokwerera basi.
Lero ndamuyankha chamumtima, monga anatiphunzitsa:
ndakumva.
Ubwere Lachitatu, mipando ilipo,
koma ukhale kumbuyo, ndipo uzikweza mkono.

Sanachoke. Sachoka.
Wangong'ung'udza ngati injini ya sitima ili patali.

Ndikutsika tsopano.
Nibaldo watisungira mabanzi opserera, aulere.
Limodzi, awiri, atatu,
ndiyambe ndi chingwe kapena ndi mphepo?
Ndiwauze kuti katundu akamagwedezeka sulimbana naye,
umamutsata pang'ono, n'kumubweza.
Ndiwauze za munthu wa pansi uja, wa chipewa chachikasu,
amene amakuonetsa ndi manja
zimene iwe m'mwamba sungaone.

Ndafika pakhomo.
Masitepe sindikudziwa kuti ndinalekera pa angati.
M'thumba choko chayeretsa makiyi,
ndalama zachitsulo,
ndi chipinda cha Lachitatu cha kabokosi kanga.