Mbewu ya M'botolo

Mgolo ukatsala pang'ono kutha
ndimawakaniza chikho chomaliza.
"Amayi, pendeketsani, tilipira!"
Iyayi, Zefaniya, zapansizo si zako.
Nsenga yotuwa ija,
yonunkha ngati buledi amene sanalowe mu uvuni,
ndimaikapa ndi supuni
n'kuitsekera m'botolo lakale la mayonizi.
Chivundikiro sindimanga kwambiri:
muli wamoyo m'menemo, amafuna kupuma.

Firiji ndilibe.
Ndikanakhala nayo, magetsi a kuno ku Chawama
akanaisandutsa kabati.
Botolo limagona m'beseni la madzi kuseri kwa chitseko,
masiku anayi, akachuluka asanu.

Phala latsopano likazirala
ndimaliyesa ndi chigongono,
monga ndinkayesera madzi osambitsa Mwaiwathu ali khanda.
Chimera cha ku Soweto chilowe,
mbewu yanga pamwamba,
thumba la saka pakamwa pa mgolo.
Usiku umenewo tulo sitibwera.
Agalu. Jenereta ya ku bala. Wina akukangana ndi geti.
Kenako, minibasi yoyamba isanalize hutala,
tsi, tsi, phu,
mgolo wayamba kunong'ona.

Mbewuyi sindinagule.
Anandipatsa ndi alamu anga
chaka chomwe ndinatsika basi ya ku Katete
ndi chikwama chimodzi, mwana kumsana.
Iwo anaitenga kwa mayi wina wa ku Kanyama
amene dzina lake linatayika kale,
koma fungo lake likadali m'zikho zathu.

Ndiye kunabwera mvula ya Januwale.
Madzi analowa usiku osagogoda,
mpaka m'mawondo.
Ndinanyamula matiresi, makope a mwana, chitupa changa.
Botolo ndinalikumbuka kutacha.
Ndinalipeza likuyandama pafupi ndi nsapato,
chivundikiro palibe,
m'kati muli madzi a m'ngalande.
Zaka khumi ndi chimodzi.
Ndinakhala pa njerwa, osalira,
kungoliyang'ana.

Ndinagula yisiti ya m'paketi pa kantemba.
Mowa unawira, inde,
mwaphuma, ngati mlendo wolongolola.
Zefaniya analawa, napukuta pakamwa:
"Uwu ndi wa ndani?"
Analipira, sanamalize,
nawoloka msewu kupita kwa Tikambenji.

Tikambenji!
Amene ndinamugwiritsa mthiko ndi manja angawa,
amene ndinamugawira theka la botolo
mwamuna wake atachotsedwa ntchito,
iye n'kugula sipika yaikulu ngati bokosi la maliro
n'kundikokera makasitomala onse.
Zaka zinayi tikupatukirana pa mpopi.

Sabata ziwiri ndinalimbana ndi mtima wanga.
Lendi sidziwa manyazi.
Lachiwiri m'mamawa ndinawoloka,
kapu yopanda kanthu nditaibisa m'chitenje,
matope akundigwira zidendene
ngati akuti bwerera.

Ndinamupeza akutsuka migolo.
Mawu amene ndinakonza usiku wonse
anatsalira kutsidya.
Ndinangotulutsa kapu.
Anayang'ana ine, anayang'ana kapu,
napukuta manja, nalowa.
Ndinamva chivundikiro chikutseguka,
kaphokoso kaja, fyuu,
ndipo fungo linandipeza pakhomo iye asanatuluke.

"Ndi yanu yomwe ija," anatero.
"Sinafepo."
Anadzaza mpaka m'milomo.
Ndinafunsa mtengo, anabwerera ku migolo yake.

Usiku umenewo ndinakhala pansi pafupi ndi mgolo,
khutu pa chitsulo.
Unachedwa, monga umachedwera wathu,
kenako tsi, tsi,
mawu a alamu anga, a mayi wa ku Kanyama,
ndi kena katsopano, kowawasa pang'ono,
ka m'nyumba ya sipika.

Pa mpopi sitinayambe kucheza.
Timangogwedezerana mitu.
Zefaniya amamwa uku ndi uko,
ngongole ali nayo konsekonse.
Koma Loweruka, mgolo ukafika pansi,
ndimakapa mabotolo awiri.
Limodzi kuseri kwa chitseko.
Linalo Mwaiwathu amawolotsa msewu,
n'kukaliika pawindo lake, osanena kanthu.