Ndani Adzawasambitse?

Lonjezo anandikoka dzanja Loweruka,
akuti malume, iyi yokha musaiphonye.
Mahandiredi awiri pakhomo kwa Chimbalanga,
kuseri kwa depoti ya Kasungu,
benchi yotsina matako, jenereta ikutsokomola panja.

Nkhani yake ndi iyi:
munthu amuphera mkazi kudziko lopanda mtengo,
kumene kumatuluka madzuwa awiri.
Amudula mkono, madokotala amuika wachitsulo,
ndiye basi, ola ndi theka akubwezera.
Womasulira naye kukuwa, "Wadya! Wadya ameneyo!"
anyamata m'manja, mpaka malata kunjenjemera.

Ine ndinkawerenga.
Ndi chizolowezi cha ntchito:
zaka khumi ndi zisanu ndili ku motchale ya chipatala,
sulowetsa munthu usanamulembe m'kaundula.
Ndinalekera pa makumi anayi ndi atatu,
pamene kuwala kwa mfuti kunasungunula mlonda wa pachipata,
mnyamata amene sanayankhule ngakhale liwu limodzi,
amene mwina anangobwera kudzagwira ganyu.

Zabwino ndisabise.
Zombo zija zimauluka mokoma,
ndipo mkulu uja atanunkhiza mpango wa malemu mkazi wake
ndinayang'ana pansi kanthawi.
Koma magazi awo ndi abodza, amauma msanga,
sanunkha, saitana ntchentche.
Wakufa wawo ndi wopepuka ngati thumba la mankhusu.
Wanga amafuna anthu anayi,
ndipo amabwera ndi amayi ake pambuyo,
chitenje chili kukamwa.

Chaka chatha anandibweretsera wina wa ku Chinkhoma,
anamuotcha ndi matayala chifukwa cha belo la fodya.
Sabata isanathe, abale ake anandituma
kuti ndilandirenso amene anagula petulo.
Ndinawagoneka moyandikana, mufiriji munalibe malo ena.
Sanakangane.

Potuluka Lonjezo akufunsa, mwaipatsa zingati pa teni?
Ndati zombo, seveni.
Mkono wachitsulo, kaya, folo.
Koma taona, yathera munthu akuyenda yekha
kulowera kumadzuwa ake aja,
kumbuyo anzake ali ngundangunda,
palibe wowatseka maso,
palibe wowamanga chibwano,
ngakhale wopita kukauza kwawo.

Anaseka mwana wa mlongo wanga,
akuti malume inunso, imeneyo ndi filimu chabe.
Ndinamugulira chimanga chootcha pa siteji,
iye akuonetsabe mmene mkono uja umathyolera khosi.

Lolemba ndilowa sikisi m'mawa.