Lipenga la Mngelo ku Burnley

Sanandipatse duwa, anandipatsa kamtengo,
kanthambi kotalika ngati chala chamkombaphala
kokulungidwa m'nyuzipepala yonyowa.
Mayi Ainsworth, a m'chipinda nambala naini,
manja akunjenjemera, mawu ali nganganga:
"Uzivala magolovesi. Usadzitikite m'maso.
N'chokongola ichi, koma sichidziwa chibale."

Anamwalira mu Febuluwale, tsiku limene ndinali pa ofu.
Ndinapeza bedi lawo atayalapo kale za wina.
Kunyumba, m'botolo la jamu pawindo,
kanthambi kaja kanali katatulutsa mizu
yoyera ngati ulusi wa bandeji.

Ndinakaoka m'chidebe cha penti choboola kunsi.
Dothi ndinachita kugula.
Ine, mwana wa mlimi wa fodya wa ku Mponela,
kupereka mapaundi asanu ndi imodzi kugula dothi la m'thumba!
Bambo akanamva akanaseka mpaka kutsokomola.

Kumwa kwake ngati munthu wolima dzuwa lili paliwombo:
m'mawa ndowa, madzulo ndowa,
Loweruka fetereza wa matimati.
Ndikachedwa, masamba amagwa
ngati makutu a galu wokalipidwa.
Kunsi kwake kumabisala tiakangaude tofiira,
ndimatitsuka ndi thovu la sopo, tsamba ndi tsamba.
Nkhono zokha za poizoni sizinamvepo,
zimadya usiku wonse, m'mawa zili moyo.

Ndinalemba mzere wa choko pasimenti.
"Mwatitha, apa sudutsa. Tsamba, duwa, njere,
chilichonse cha mtengo uwu chimapha."
Anandiyang'ana, zaka zisanu, chala m'kamwa:
"Nanga mukuusungiranji?"
Ndinamuuza kuti akasambe m'manja.

A Derek oyandikana nawo anasuzumira pampanda
kudandaulira mphaka wawo.
Mphakayo ananunkhiza kamodzi, n'kulambalala.

Okutobala akamatha, wailesi ikatchula chisanu,
ndimaudulira, utomoni ukudontha pamagolovesi,
n'kuukhwekhwereza masitepe atatu, msana ukulira,
mpaka kukachipinda ka mdima ka mita ya gasi.
Kumeneko umagona, wopanda tsamba,
kapu imodzi ya madzi pamwezi.
Nane nyengo imeneyo ndimangokhala choncho:
kupita kuli mdima, kubwera kuli mdima,
osafa, osaphuka.

Zaka ziwiri, masamba okhaokha.

Chaka chachitatu, mu Ogasiti,
nthambi inapanga mphanda, panalendewera
tinthu tobiriwira ngati therere lobala.
Tinatalika, tinapotoloka, tinamasuka:
malipenga asanu ndi awiri, oyera motuwira,
onse kukamwa kuloza pansi
ngati akuimbira amene ali m'nthaka.

Masana ndinayandikiza mphuno. Zii.
Duwa ili limadikira dzuwa lilowe,
koma basi yanga ya shifiti ya usiku
imanyamuka dzuwa la kuno lisanaganize n'komwe zolowa.
Cha m'ma teni foni inalira m'thumba la yunifolomu:
"Mayi a Mwatitha, kuseri kuno kukununkhira
mpaka a Derek atsegula windo."
Ine ndili ndi nsalu zonyowa m'manja,
m'mphuno muli jiki yekhayekha.

Lachinayi ndinasinthana shifiti ndi Oyelaran,
ndinamulonjeza Khirisimasi yanga.

Ndinatulutsa mpando, n'kuuika kuseri kwa mzere wa choko.
Ana a mumsewu analowa m'nyumba. Njerwa zinayamba kuzizira.
Kenako linabwera, osathamanga,
ngati mlendo wodziwa kale pokhala:
ndimu pang'ono, uchi pang'ono,
ndi china cholemera chimene chilibe dzina m'zilankhulo zanga zonse ziwiri.
Njenjete yaikulu inazungulira, inalowa mulipenga mpaka kubisika,
inatuluka ikudzandira.

Mayi Ainsworth, latuluka.
Ndakhala pano manja ndapinda m'khwapa,
sindinalikhudze,
komabe ndikalowa ndikasamba m'manja.