Kabokosi ka pa Fomu

Mnyamata wa inshuwalansi wavula nsapato pakhonde,
matope a ku Thuchila amufika m'mawondo.
Akuti dzina lake ndi Mulipa. Ndaseka chamumtima:
alipa ndani, iye kapena ine?

"Kodi madzi analowapo m'nyumba muno?"
Kabokosi kake n'kochepa ngati njere ya nandolo.
Inde. Ayi.

Ndamutengera pachitseko.
Mzere uwu anakanda ndi msomali malemu bambo,
chaka chomwe Napolo anatsika m'phiri.
Uwu wam'chiunowu ndi wanga,
muja makina osokera a Nakhumwa
tinakawafukula m'munda wa chinangwa.
Wapamwambawu sindinalembe ine.
Madzi anasaina okha.

Wawerenga mizere, wadinadina foni,
wati mtengo ukwera poti mtsinje uli pafupi;
komanso madzi olowera kudenga ndi ena,
olowera pakhomo ndi enanso:
tsamba lachinayi, timalemba ting'onoting'ono.

Mwana iwe, usiku umene uja
sitinawafunse kochokera.

Wasiya fomu patebulo.
Ndaipsinja ndi mwala
womwe unabwera ndi madzi omwewo.
Kuphiri kwayamba kuda.
Nakhumwa akuanula zovala, osayankhula.